Maimelo akubwerera ndi kugwera mu spam chisamutsireni webusaiti

Achimwene, ndaona funso lanu loti chisamutsireni webusaiti ya bizinesi yanu ku kampani ina ya hosting (yosunga mawebusaiti) sabata yatha, maimelo omwe mukutumizira makasitomala ena akugwera mu spam, ena akubwerera ndi uthenga wautali wachingerezi, komanso fomu ya pa webusaiti yasiya kukufikitsirani mauthenga. Ndaonanso ena pansipa akuti sinthani pasiwedi, wina akuti ingotsegulani Gmail yatsopano basi. Chonde musachite zimenezo kaye. Ikanakhala pasiwedi bwenzi imelo ikukanirira mu Outbox osatuluka n'komwe, koma yanuyi ikutuluka n'kukakanidwa kutsogolo, nde vuto lili pena. Ndipo kuthawira ku Gmail yatsopano ndi kutaya adiresi yomwe makasitomala anu anaizolowera kale, pomwe zinthuzi zimakonzeka.

Uthenga wobwerera uja musaufufute. Anthu ambiri akaona "Mail Delivery Subsystem" kapena "MAILER-DAEMON" amangodilita poganiza kuti ndi za akuba, koma mmenemo ndi momwe seva ya wolandira yalembamo chifukwa chomwe yakanira imelo yanu, ndipo ine ndikamathandiza munthu sindigwira chilichonse ndisanauwerenge. Yang'anani nambala yoyamba ndi 4 kapena 5. Ikayamba ndi 4, ngati 421 kapena 451, ndi vuto la kanthawi, seva yanu imayeserabe yokha, maseva ena mpaka masiku 4 kapena 5, isanagonje. Ikayamba ndi 5 nde kuti yakanidwa ndithu, kutumizanso kakhumi sikusintha kanthu. 550 5.1.1 akutanthauza kuti adiresi mwalembayo kulibe, mwina mwaphonya chilembo chimodzi kapena mwini wake anachoka pantchito akaunti n'kutsekedwa. 552 5.2.2 ndi bokosi la wolandira lomwe ladzaza, izi zimachitika kwambiri pa Gmail yaulere poti 15 GB ija amagawana ndi Drive komanso Photos, munthu amadzaza ndi zithunzi osadziwa kuti maimelo asiya kulowa. Zimenezi sizanu kukonza, mungomuimbira foni munthuyo. Koma mukaona 550 5.7.26 kuchokera ku Gmail, kapena 5.7.1 yonena za authentication (kutsimikizira kuti wotumiza ndi inudi), imeneyo nde yanu, ndipo malinga ndi mmene mwafotokozera ndikukhulupirira kuti ndi yomwe mukupeza.

Ndifotokoze pang'ono chomwe chimayambitsa, chifukwa mukachimva zinazi sizivutanso. Njira yomwe maseva amatumizirana maimelo, SMTP, inalembedwa ndi Jon Postel mu 1982, nthawi yomwe pa netiweki panali makompyuta ochepa a anthu odziwana, nde panalibe chotsimikizira kuti wotumiza ndi amene wadzilembayo. Mpaka lero munthu atha kulemba adiresi yanu pamalo pa From n'kutumiza ngati ndinu. Pofuna kutseka mpata umenewu anadzabweretsa zinthu zitatu, SPF, DKIM ndi DMARC, ndipo zonse zimakhala mu DNS ya domeni yanu, kaundula wouza makompyuta komwe webusaiti ndi imelo za dzina lanu la pa intaneti zili, osati mu foni kapena mu Outlook. Kale munthu ankatha kukhala opanda zimenezi maimelo n'kumafikabe, koma kuyambira February 2024 Google ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo: aliyense wotumiza ku Gmail ayenera kukhala ndi SPF kapena DKIM, ndipo amene amatumiza maimelo oposa 5,000 patsiku ayenera kukhala ndi zonse zitatu. Microsoft nayo inatsatira mu May 2025 kwa otumiza ambiri ku Outlook.com ndi Hotmail.

Ndiye taonani chomwe chimachitika posamutsa hosting. Kampani yatsopano imakuuzani kuti sinthani ma nameserver, maseva osunga DNS yanu, inu mumasintha, webusaiti n'kutseguka bwinobwino, koma marekodi onse a imelo omwe anali ku DNS yakale amatsala konko, sasamuka okha. Kwatsopanoko amakupangirani ena ongoyerekeza kuti imelo yanu ikhalanso kwa iwo. Simunanene kuti bokosi lanu lili kuti, kaya Google Workspace, kaya Microsoft 365, kaya pa hosting pomwepo, koma yambani ndi kuona MX, rekodi yonena seva yomwe imalandira maimelo a domeni yanu. Lowani pa webusaiti ya MXToolbox, lembani domeni yanu. Ngati muli pa Google muyenera kuona smtp.google.com kapena akale aja oyamba ndi aspmx.l.google.com, ngati muli pa Microsoft muona dzina lothera ndi mail.protection.outlook.com. Mukapeza kuti MX ikuloza ku hosting yatsopano pomwe bokosi lanu lili kwina, dziwani kuti maimelo omwe anthu akukutumizirani sabata yonseyi akupita kolakwika, ena mwina ali phee mu webmail ya kumeneko yomwe simunaitsegulepo.

Kenako pangani tesiti iyi, ndi yaulere ndipo siitenga mphindi zisanu. Tumizani imelo kuchokera pa adiresi ya bizinesi kupita ku Gmail yanu kapena ya mnzanu, muitsegule pa kompyuta osati pa foni, dinani timadontho titatu tija m'mbali mwa uthengawo, sankhani "Show original". Pamwamba penipeni muona mizere ya SPF, DKIM ndi DMARC, uliwonse ndi PASS kapena FAIL. Pamenepo mwadziwa kale pogwira. Palinso mail-tester.com, amakupatsani adiresi yotumizako n'kukupatsani malikisi pa 10 ndi kukuuzani pomwe mwaluza.

SPF ndi mndandanda wa maseva omwe mwawaloleza kutumiza m'dzina la domeni yanu. Ndi rekodi ya TXT yoyamba ndi v=spf1, ya Google imakhala v=spf1 include:_spf.google.com ~all, ya Microsoft mumaika include:spf.protection.outlook.com. Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera, ndipo ndikuchenjezeni kwambiri: rekodi ya SPF iyenera kukhala imodzi yokha. Munthu amapeza kuti hosting yamuikira kale ina, iye n'kuwonjezera yachiwiri pansi pake poganiza kuti ziwiri ndi bwino kuposa imodzi, pomwe zikakhala ziwiri seva yolandira imazikana zonse n'kulemba permerror. Muziphatikize mu mzere umodzi, ma include onse motsatizana. Musachulutsenso ma include, chifukwa lamulo lake limalola kufunsa DNS kosaposa ka 10, ndipo include imodzi imatha kukhala ndi ena mkati mwake, nde ngati pali makampani akale omwe munasiya kuwagwiritsa ntchito achotseni. Kumapeto ikani ~all (yongokayikira maseva omwe sali pamndandanda) pakadali pano, -all (yowakaniratu) mudzaike mukatsimikiza kuti simunaiwale seva iliyonse. +all musayerekeze, imeneyo ndi kuuza dziko lonse kuti aliyense atha kutumiza ngati inu.

DKIM ineyo ndimaiona yofunika kuposa SPF, chifukwa munthu akafowada imelo yanu kudzera pa seva ina SPF imagwa poti seva yotumiza yasintha, pomwe DKIM imayenda ndi uthengawo. Ndi siginecha yomwe seva yanu imadinda pa imelo iliyonse ndi kiyi yachinsinsi, kiyi inzake yapoyera mumaika mu DNS kuti wolandira ayerekeze. Ngati imelo yanu ili pa hosting ya cPanel (pulogalamu yoyendetsera akaunti ya hosting), pali tsamba lotchedwa Email Deliverability, limakuonetsani chomwe chikusowa ndi zoti mukope. Pa Google mumalowa mu Admin console, mumapanga kiyi, mumaiika pa google._domainkey, kenako mubwerere mukadine "Start authentication", ambiri amaiwala kubwererako n'kumadabwa kuti rekodi ilipo koma DKIM siikuoneka. Pa Microsoft ndi marekodi awiri a mtundu wa CNAME, selector1 ndi selector2. Kiyi ya 2048 bit ndi yaitali kuposa zilembo 255 zomwe chidutswa chimodzi cha TXT chimalola, ma panel ambiri amaidula okha koma ena amangoidula pakati n'kutaya mbali yotsalayo, nde mukaiika ikafananizeni ndi yoyambirira mpaka chilembo chomaliza.

DMARC musaiope. Pangani TXT pa _dmarc kutsogolo kwa domeni yanu, mulembemo v=DMARC1; p=none; rua=mailto: n'kuikapo adiresi yanu yolandirira malipoti. DMARC imaona ngati domeni yomwe yapambana SPF kapena DKIM ndi yomweyo yomwe ili pa From. Musathamangire p=reject (youza wolandira kuti akane imelo yolephera DMARC) lero, mungadzitsekere nokha ma invoisi omwe amatuluka kudzera pa pulogalamu ina yomwe munaiwala kuti nayonso imatumiza m'dzina lanu. Yambani ndi none, yomwe siuza wolandira kuti akane kanthu, muone malipoti kwa masabata angapo.

Tsopano fomu ija, imeneyo ndi nkhani payokha ndipo imandiwawa chifukwa ndi momwe bizinesi imatayira makasitomala mwakachetechete, munthu walemba kufunsa za katundu, fomu yamuuza kuti uthenga wapita, iye akudikira yankho, inu simukudziwa n'komwe kuti analemba. Pali zinthu ziwiri zomwe ndimakumana nazo kawirikawiri. Choyamba, mafomu ambiri amaika adiresi ya mlendoyo pa From, ndiye seva ya webusaiti yanu imakhala ikutumiza imelo yonena kuti yachokera ku Yahoo pomwe siinachokere ku Yahoo. Yahoo inaika p=reject kuyambira 2014, kutanthauza kuti imelo yotereyi ikanidwe basi. Konzani kuti From ikhale adiresi ya pa domeni yanu, ya mlendoyo ipite pa Reply-To, mukadina Reply yankho lipitabe kwa iye. Ngati ndi WordPress, payokha imatumiza kudzera pa mail() ya PHP osalowa mu akaunti iliyonse, nde ikani plugin ya SMTP kuti izitumiza kudzera m'bokosi lanu lenileni, port 587 ndi STARTTLS kapena 465 ndi SSL. Port 25 isiyeni, ndi ya maseva okhaokha ndipo makampani ambiri anaitseka. Seva ikakupatsani 535 apo nde yakana pasiwedi, ndipo ngati ndi akaunti ya Google pasiwedi yanu ya masiku onse siigwira, anasiya kulola zimenezo pa Gmail wamba mu 2022, muyenera kuyatsa 2-Step Verification n'kupanga App Password ya zilembo 16.

Chachiwiri ndi chobisika kwambiri. Ndinathandizapo mayi wina yemwe SPF, DKIM, zonse zinali PASS, anthu akunja akumutumizira maimelo akufika, koma a pa fomu okha osaoneka, osabwereranso. Tinatha madzulo onse tikufufuza, kenako tinapeza kuti seva ya hosting inkadziona ngati ndiyo mwini wa maimelo a domeni ija, nde fomu ikatumiza, sevayo siinkafunsa n'komwe MX, inkangoponya uthengawo m'bokosi lake lamkati. Titatsegula webmail tinapezamo mauthenga a makasitomala a miyezi iwiri osawerengedwa, mayi uja anangoti kakasi. Mu cPanel pitani pa Email Routing, ngati bokosi lanu lili ku Google kapena Microsoft musankhe Remote Mail Exchanger osati Local. Poti vuto lanu layamba ndi kusamuka, ndikadakhala inu ndikanayamba kuona pamenepa pa nkhani ya fomuyi.

Zonsezi zikakhala PASS koma maimelo akugwerabe mu spam, ndiye tiyang'ane mbiri ya IP (nambala yodziwitsa seva pa intaneti) yomwe mukutumizirapo. Pa hosting yogawana mumakhala anthu ambirimbiri pa IP imodzi, mmodzi akabedwa akaunti n'kuyamba kumwaza spam nonse mumadetsedwa. Pa MXToolbox pomwepo pali Blacklist Check, ndipo mndandanda womwe maseva ambiri amaumvera ndi wa Spamhaus, timindandanda tina tating'ono musadandaule nato kwambiri. Ngati IP ilipo, kapena ilibe rekodi ya PTR yoloza ku dzina la seva, amene angakonze ndi a hosting osati inu, alembereni n'kuwatumizira uthenga wobwerera uja wonse. Yang'ananinso mu Sent, mukapezamo maimelo omwe simunalembe inu kapena mukulandira mauthenga obwerera a anthu osawadziwa, apo pokha nde sinthani pasiwedi msangamsanga, muonenso ngati sanakuikireni forwarding yobisika.

Za katumizidwe kanu ndingonena mwachidule. Kuika anthu 300 pa BCC n'kutumiza zotsatsa kumakuonongerani mbiri msanga, Gmail wamba imalekezera pa 500 patsiku, ndipo Google imafuna kuti okudandaulani kuti ndinu spam asafike 0.3 peresenti. Mafayilo osapitirira 25 MB, komanso fayilo ikalowa mu imelo imafufuma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, nde maseva ena amakana ngakhale ya 20 MB. Makasitomala omwe mumagwirizana nawo muwapemphe adine "Not spam" ndi kukuyankhani, zimathandiza ndithu.

Posintha DNS sinthani chinthu chimodzi, mudikire, mutesite, kenako china, ndipo musanafufute rekodi iliyonse ijambuleni kaye. Nthawi zambiri zosinthazo zimaoneka mu ola limodzi kapena awiri malinga ndi TTL (nthawi yomwe maseva amasunga rekodi asanafunsenso), koma ma nameserver atha kutenga mpaka maola 48. Muonetsetsenso kuti mukusintha kumene ma nameserver akuloza panopa, anthu amatha tsiku lonse akukonza marekodi ku kampani yakale komwe palibenso amene akufunsako.

Mukatha ikani pano mzere wa nambala uja wa mu uthenga wobwerera ndi mizere itatu ya mu "Show original", maadiresi a anthu muwaphimbe kaye popeza gululi ndi lalikulu, munenenso komwe bokosi lanu lili, ndikuuzani rekodi yeniyeni yoti mulembe.