Kodi njoka za m'mimba zimateteza mwana ku malungo?

Mayi wina wanditumizira imelo, akuti mwana wake wa zaka 5 am'peza ndi njoka za m'mimba koma amadwalanso malungo pafupipafupi, ndiye anamva zoti njokazi zimafooketsa malungo, akufunsa ngati am'mwetse mankhwala kapena azisiye kaye.

Mayi, m'mwetseni basi. Komatu zomwe munamvazo si zabodza zokhazokha ayi, zili ndi pochokera.

Nkhani yake ili pa chitetezo cha m'thupi. Kachilombo ka malungo, Plasmodium falciparum, kakalowa m'magazi thupi limachita ukali, limatulutsa zinthu ngati interferon-gamma ndi TNF zomwe zimathandiza kupha tizilomboto koma ndi zomwezonso zimatenthetsa thupi, ndipo ukaliwu ukanyanya umavulaza mwiniwake yemwe, mpaka ku ubongo. Njoka nazo nzochenjera heavy. Izo zimafuna kukhala m'matumbo nthawi yaitali osathamangitsidwa ndiye zimakhotetsera chitetezo ku mbali ina yomwe madokotala amati Th2, kumachuluka IgE ndi ma eosinophil (zida zina za chitetezo cha m'thupi), kuonjezera apo IL-10 yomwe ntchito yake nkuuza asilikali a m'thupi kuti afatse. Mwana amene ali ndi njoka akalumidwa ndi udzudzu, malungo amapeza asilikali atafatsa kale. Kutupa kwa m'kati kutha kuchepa, inde, koma tizilombo ta malungo tithanso kupeza mpata woswana.

N'chifukwa chake kafukufuku amatsutsana. Ku Thailand, wofufuza wina, Mathieu Nacher, ndi anzake anapeza cha m'ma 2000 kuti odwala amene anali ndi nyongolotsi za Ascaris sankagwidwa kwambiri ndi malungo a mu ubongo. Ku Mali anaona kuti ana ena a likodzo (lomwenso limayamba ndi mtundu wina wa njoka) ankachedwerapo kudwala malungo, pomwe ku Senegal ana amene anali ndi likodzo la m'matumbo lochuluka ndi amene ankadwala malungo kawirikawiri. Mwaona eti? Zimatengera mtundu wa njoka, kuchuluka kwake ndi msinkhu wa mwana, ndiye munthu sungadalire zimenezo.

Chimene chimandiopsa ine ndi magazi. Njoka zina zotchedwa ma hookworm zimaluma khoma la matumbo nkumayamwa magazi tsiku ndi tsiku, malungo nawo akuphwanya maselo ofiira, ziwirizi zikakumana mwana amayera m'manja ndi m'zikope, kufooka, m'kalasi kumangosinza. Apa palibe mtsutso, ndipo kuchepa magazi kumapha ana ndithu.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kupereka albendazole 400 mg kapena mebendazole 500 mg kamodzi kapena kawiri pa chaka m'madera momwe njoka ndi zambiri, koma likodzo mankhwala ake ndi ena, praziquantel, musasokoneze. Mukapita ku chipatala pemphani amuyezenso kuchuluka kwa magazi, azigona mu neti usiku uliwonse, azivala nsapato chifukwa ma hookworm amalowera ku phazi, ndipo thupi likangotentha kamuyezetseni malungo tsiku lomwelo osati mawa.