Kodi dzina la Eunice ndi lachikhristu?

Funso: Mwezi wathawu ndinabereka mwana wamkazi. Apongozi anga akufuna timutche Eunice, koma mzanga wina kutchalitchi akuti dzinali ndi la milungu ya Agiriki. Ubatizo wayandikira, nditani? Mayi wa ku Chinamwali, Zomba.

Yankho: Mayi, mzanuyo wamva nkhani mwatheka chabe. Dzinali ndi lachigiriki, inde. Kwawoko amati Eunike: "eu" ndi chabwino, "nike" ndi chipambano. Ndiye kuti kupambana kwabwino. Agiriki akale analidi ndi mulungu wamkazi wa chipambano dzina lake Nike, ndipo nsapato za Nike zimene mumaziona pa kaunjika mumsika wa Zomba zinatengera dzina kwa iyeyu.

Koma tsegulani 2 Timoteo 1:5. Paulo akuyamikira chikhulupiriro chosanyenga chimene chinayamba mwa Loisi, agogo ake a Timoteo, kenako mwa amayi ake, Yunike. Ameneyo ndiye Eunice wanu. Machitidwe 16:1 akuti anali Myuda wokhulupirira, mwamuna wake Mhelene, kutanthauza Mgiriki, ndipo Paulo anamupeza Timoteo ku Lustra, m'dera limene lero lili m'dziko la Turkey. Banja la zipembedzo ziwiri si lophweka, komabe mwanayo anadziwa malemba kuyambira ali wakhanda, monga 2 Timoteo 3:15 akunenera. Ine ndimamulemekeza kwambiri mayi ameneyu, ngakhale alaliki amakonda kumudumpha n'kuthamangira kwa mwana wake.

Dzinali musaliope. Avomereni apongozi anuwo, ndipo ngati mukufunanso lachichewa, monga Chisomo, muuzeni mbusa tsiku la ubatizo lisanafike kuti alembe onse awiri.