Ndinagwirako zaka zitatu, imvani za ine

Achemwali, musanasayine kalata ya ntchito yomwe mwapatsidwa ndi kampani ya consulting (yolangiza makampani ena pa za bizinesi ndi ndalama), imvani za ine kaye. Ndinagwira zaka zitatu kukampani ina yaikulu yotere ku Blantyre, dzina sinditchula.

Mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, tinali ndi lipoti la kasitomala loti lipite Lachitatu. Lolemba matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola nyumba ku Chilobwe, komwe azakhali anga ankakhala. Foni yawo osapezeka. Ndinapita wapansi, mvula ikadagwabe, ndipo ndinakawapeza kusukulu komwe anthu anathawira, atafunda chitenje chonyowa, matope mpaka m'mawondo, akungotchula dzina la mdzukulu wawo yemwe anali asanaoneke. Ndili chigwirire dzanja lawo, foni inalira. Bwana wanga. Sanafunse n'komwe kuti kuli bwanji. Mawu ake oyamba anali akuti, "Laputopu uli nayo? A partner, abwana aakulu, akufuna manambala aja usiku uno." Munthu woti ankadziwa kumene ndapita! Ndinamuuza m'mawa womwewo. Mwanayo anapezeka madzulo ali moyo, Mulungu ndi wabwino, koma ine usiku umenewo ndinakhala m'galimoto ya mnzanga chifukwa magetsi kunalibe, ndikudzaza Excel misozi ili chuchuchu.

Chinandiwawa kwambiri ndi cha Lachisanu. Sabata imeneyo ndinagwira maola oposa 70, koma bwana yemweyo anati pa timesheet, polemba maola omwe wagwira, ndilembe 40 chifukwa bajeti ya kasitomala yatha. Lamulo la ntchito kuno limanena maola 48 pa sabata, koma ukatchula zimenezo amakuona ngati waulesi. Pa appraisal, pounika kagwiridwe kanga ka ntchito, anandilembera kuti ndine wochedwa kuyankha mafoni. Mpaka lero ndikamuona m'tauni mtima umandiwira. Ndipo musaganize kuti ndi Freddy yekha, kuyambira Januwale mpaka Malichi chaka chilichonse, makampani akatseka mabuku a Disembala, kuweruka 10 koloko usiku n'kwa masiku onse. Maliro a kumudzi umangotumiza chipepeso pa Airtel Money.

Komabe pitani, ndikunena zoona. Pazaka zitatu zimenezo ndinaona mabuku a banki, a esiteti ya tiyi ku Thyolo, a bungwe lothandiza anthu ku Lilongwe, zinthu zoti kwina mukanazidziwa patatha zaka khumi. Ankandilipirira mayeso a ACCA, a ukatswiri wowerengera ndalama, n'kundipatsa tchuthi chowerengera. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anzanga ena odzilipirira okha anaimitsa mayeso chifukwa ndalama zake ndi za mapaundi, ine ndinapitiriza. Ntchito yomwe ndili nayo panoyi anandilemba atangoona dzina la kampaniyo pa CV.

Ndiye chaka choyamba musakane ntchito iliyonse, muzioneka, a partner akudziweni dzina. Koma wachibale akadwala foni muzizimitsa, musachite zomwe ndinachita ine. Maola anu enieni muzilemba m'kabuku kanu kapadera. Ndipo m'kalatamo werengani bwino ndime ya bond, pangano loti mugwire nthawi yakutiyakuti musanachoke, chifukwa mukachoka nthawi isanakwane ndalama za mayeso zija amafuna muzibweze zonse. Ine ndinadikira miyezi isanu ndi umodzi ndikuwerenga masiku kuti bond yanga ithe.