Funsani Dokotala: Chithunzi chikuti msana uli bwino, koma ukundiwawabe

Adokotala, ndine mayi wa zaka 46, ndimakhala kufupi ndi Ulongwe ku Angónia. Msana unandigwira ndikusenza thumba la kachewere kuchokera kudimba, patangopita miyezi yochepa bambo a kunyumba atatisiya. Pano zakwana zaka ziwiri. Ndinapita mpaka ku Tete, anandijambula, akuti mafupa ali bwinobwino. Mphini ndatemedwa kawiri. Tsiku lililonse ndimamwa diclofenac, mankhwala ochepetsa ululu, wogula pamsika. Khasu ndinalisiya, ndimangokhalira kugona pamphasa. Alamu anga akuti ndi ulesi, ena akuti ndinalodzedwa. Namwino wina anandiuza kuti ndi maganizo chabe. Kodi ndiye kuti ndikunama?
Mayi wa ku Ulongwe

Amayi, pepani ndi imfa ya bambo, pepaninso ndi ululuwu. Simukunama, ndipo si ulesi. Mawu oti "ndi maganizo chabe" amandipweteka mtima ndikawamva, chifukwa munthu amabwerera kunyumba ndi ululu wake, atasenzanso manyazi pamwamba.

Poyamba tichotse zoopsa. Ngati mukuonda osadziwa chifukwa, mukutentha thupi kapena kutuluka thukuta usiku, mukutsokomola, miyendo ikufooka, mukumva dzanzi pakati pa ntchafu, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka zokha, bwererani kuchipatala msanga. TB imagwiranso mafupa a msana, choncho apempheni akuyezeni, pamodzi ndi HIV. Zonsezi ngati palibe, mverani izi.

Inu a ku Angónia mukuwadziwa anthu amene anaduka mwendo ndi mabomba okwirira a nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992. Ambiri mwa anthu oduka chiwalo amanena kuti phazi limene kulibe limawawawa, mwina chala chachikulu kuyabwa kumene. Phazi linakwiriridwa kalekale, koma ululu ulipo, weniweni. Izi zimatiphunzitsa kuti ululu umapangidwa ndi ubongo pamodzi ndi minyewa, ngati chenjezo loti thupi lili pangozi. Mnofu umene munaupweteka ndi thumba lija nthawi zambiri umapola m'masabata kapena m'miyezi yochepa. Ululu ukapitirira miyezi itatu, kawirikawiri chimene chatsala ndi chenjezo limene lakana kuzima.

Zili ngati galu wa pakhomo pamene panabwera akuba. Kuyambira usiku umenewo amauwa nkhuku ikadutsa, amauwa tsamba likagwa. Kuuwako mukukumva ndithu, sikongopeka, koma wakuba palibe. Chimene chimamupengetsa galu ameneyu ndi mantha, chisoni, kusowa tulo ndi nkhawa. Inu msana unakugwirani muli pachisoni, dimba ndi ana zitakutsalirani nokha. Ndikukhulupirira kuti mukasinkhasinkha mupeza kuti tsiku limene mwakangana ndi achibale, kapena mwagona mukuwerengera za feteleza, msana umalusa kwambiri, ndipo tsiku limene mwacheza ndi kuseka ndi anzanu umapepukako. Tayesani kuzisunga mumtima kwa sabata imodzi muone.

Tsono kugona pamphasa kuja, ngakhale kukuoneka ngati kudzisamala, kukuonjezera moto. Minofu ikufooka, ndipo ubongo ukuphunzira kuti kuwerama ndi ngozi. Mu 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo a msana wowawa nthawi yaitali. Likulimbikitsa kumuphunzitsa wodwala za ululu wake, kulimbitsa thupi, ndi chithandizo cha maganizo, ndipo likuletsa kudalira malamba omanga m'chiuno ndi mankhwala amphamvu a mtundu wa opioid, monga tramadol.

Yambani pang'ono, pang'ono kwenikweni. Mawa m'mawa yendani mphindi zisanu pamalo osalala, mubwerere. Muzichita zimenezi tsiku lililonse, kaya msana wadzuka bwino kaya wadzuka moipa, ndipo sabata iliyonse muzionjezera mphindi ziwiri kapena zitatu. Msampha umene ambiri amagwamo ndi wa tsiku labwino: munthu akadzuka wopepuka amathamangira kumunda kukabweza ntchito ya mwezi wonse, kenako n'kugona masiku anayi. Khasu mudzaligwiranso, koma poyamba mzere umodzi, mupume, mawa umodzinso. Kuwawa pang'ono pamene mukuyenda sikutanthauza kuti mwathyola kanthu. Kukakula mpaka tsiku lotsatira, chepetsaniko, koma osasiyiratu.

Ululu ukabwera, thupi limadzikunga: mapewa m'mwamba, mano kulumana, mpweya kuubanika. Khalani pansi, dzanja pamimba, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mpaka 6. Mphindi zisanu, m'mawa ndi pogona. Uku mukupuma, mverani pamene pakuwawapo mopanda kulimbana napo. Pakutentha? Pakukoka? Pakusuntha? Ndipo mudziuze zoona zimene mukuzidziwa: anandijambula, fupa silinathyoke. Kumeneku ndiye kumusisita galu uja kuti agone. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, nsalu yoviika m'madzi ofunda imathandizanso kumasula minofu.

Za chisoni musazikwirire. Kodi maliro a bambo munalira mokwanira, kapena munangodzuka n'kumanga chitenje chifukwa ana amafuna kudya? Pezani munthu mmodzi wosunga chinsinsi, mayi mnzanu wa kumpingo kapena mchemwali wanu, muzimuuza zakukhosi. Bwererani kukwaya ngati munkaimba. Kuchipatala funsaninso ngati alipo wothandiza za maganizo. Ngati mtima walemera mpaka kulakalaka kufa, musadikire, kauzeni achipatala lero lomwe.

Diclofenac wa tsiku ndi tsiku kwa zaka ziwiri akundidetsa nkhawa kuposa msanawo. Amayambitsa zilonda za m'mimba, amaononga impso, amakwezanso BP. Musiyeni kumugula pamsika, ndipo mukapita kuchipatala mukanene mosabisa kuti mwamwa nthawi yaitali bwanji, akuyezeni BP ndi impso. Chimbudzi chikakhala chakuda ngati phula, kapena mukasanza magazi, thamangani tsiku lomwelo.

Kusintha kumatenga miyezi, ndipo masiku ena msana udzalusanso ngati simunachitepo kanthu. Tsiku lotero yendani mphindi zochepa, mupume monga ndanenera, mawa mupitirize pamene munalekeza. Pakatha miyezi iwiri mundilemberenso, mundiuze mphindi zimene mukuyenda ndi mizere imene mwapalira.