Musawaletse bambo akewo, koma mumve zomwe ndinaona ine

Achemwali ndikulemba manja akunjenjemera, zoti apongozi anu akuti ndi malaulo bambo kukumbatira mwana wawo wamkazi wa zaka 15 ine mawu amenewo anandigwera pamutu ndipo zinafika poipa.

Akazi anga atamwalira anandisiyira mtsikana mmodzi ali Folomu 2 kusukulu yogonera konko. Mwana ameneyu ndinkamubereka kumbuyo ali wakhanda anzanga nkumandiseka, ndiye mayi ake atapita akabwera ku holide ankangofikira pachifuwa panga nkuyamba kulira, mukanakhala inu mukanamukankha? Tsiku lina ndikumuperekeza pa depoti ya Wenela anandigwira osafuna kundisiya, ine ndikumusisita kumutu ndikumuuza kuti limba mtima mama, osadziwa kuti alamu anga, akulu awo a malemu, ali mu minibasi ina akuonerera. Nthawi yomweyo nkuti nditangogula chigayo ndi ndalama zomwe anatipatsa kuntchito kwa malemu, ndiye mwaona kale pomwe nkhani inalowera. Akuti ndakhwimira chigayo, chizimba chake ndi mwana wanga yemwe.

Anandiitanitsa kwawo ku Dedza, ine kupita ndi shuga ndi sopo poganiza kuti ndi zokambirana zomanga chiliza. Ndikufika ndapeza mphasa zayalidwa pakhonde, amalume ake a mwana, ankhoswe, azimayi ena oti sindinawaonepo, ndipo mwana wanga ali pakati pawo atavala yunifolomu, anakamutenga kusukulu ine osandiuza. Sanandilandire ngakhale jumbo. Alamu aja anangoti iwe nena pano, bambo akowa amakugwira pati? Mwana anazyolika akukolopola ulusi wa siketi yake, alamuwo anabwerezanso funsolo mokweza mpaka ana oyandikana nawo anabwera kudzasuzumira pa mpanda. Iye anangoti palibe, mawu osamveka nkomwe, akuti waona akuopa, amuopseza. Ine pakamwa panauma gwa. Amalume akewo nkumati mwanayu ndi mbumba yathu inu ndinu mkamwini chabe, lero timutenga. Kenako mwana anadzuka nkukasanza kuseri kwa nkhokwe ndipo ine bambo wake sindikanatha kumutsatira kukamugwira ngakhale paphewa chifukwa maso onse anali pa ine.

Ndine ndemwe ndinati tiyeni kupolisi ku Victim Support Unit, ngati ndalakwa andimange konko. Wapolisi wachizimayi analankhula ndi mwana payekha chitseko chotseka, nthawi yaitali ndithu, potuluka nkhani inathera pomwepo. Koma mukuganiza kuti alipo anapepesa? Ngakhale mmodzi. Alamu omwewo chaka chotsatira ananditumizira uthenga pa WhatsApp kupempha fizi ya mwana wawo ngati palibe chinachitika, munthu wopanda manyazi, ankadya mnyumba mwanga mchemwali wawo ali moyo, pa matenda sanabwere kudzachapa ngakhale chitenje chimodzi koma za ndalama za chigayo ankazidziwa bwino kuposa ine. Mulungu andikhululukire koma mpaka lero ndikawaona pamaliro ndimadutsa kwina.

Chondipweteka kwambiri nchakuti mwana uja anasintha. Anayamba kundipatsa moni atagwada pakhomo, dzanja chapatali, pa sofa sakhalanso pomwe ndakhala ine. Anakhoza MSCE bwinobwino koma tsiku lomwe zotsatira zinatuluka tinangogwirana chanza basi.

Mwambo sindikuunyoza ayi. Tonse tikudziwa kuti mtsikana akatha msinkhu anankungwi amamulangiza kuti asalowenso kuchipinda kwa makolo, anyamata ankasamukira kugowelo, ndipo zimenezo zinali ndi nzeru zake makamaka nyumba ikakhala ya chipinda chimodzi. Komanso tisanamizane, abambo ogwiririra ana awo alipo, timawamva mmakhoti, ena ndi abambo owapeza ena obereka enieni. Kuyambira 2017 malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo pali nambala yaulere ya 116 yomwe mwana kapena inu mukhoza kuimba zikakhala kuti pali chokayikitsa. Koma munthu wofuna kuthandiza mwana amamufunsa payekha mwachifatse, samuika pa mphasa pamaso pa mudzi wonse.

Ndiye ine ndikuti amuna anuwo musawaletse, mwana wa zaka 15 akadali mwana ndipo akasowa chikondi pakhomo akachifuna kwa akabaza ndi ma sugar daddy. Za anthu musazimvere. Komabe auzeni kuti pagulu azipewa, pa depoti, kutchalitchi, pa visiting kusukulu angomugwira dzanja kapena paphewa zikwanira, kukumbatirana kuzichitika pabalaza inu mulipo, kuchipinda ayi, pamwendo ayi wakula. Mwinanso angochepetsa pang'onopang'ono mwana asanamve zomwe agogo ake akunena, sindikufuna wina adzaone zomwe ndinaona. Muzionanso amene amayamba ndani, ngati ndi mwana amene amathamangira bambo ake palibe vuto, koma mukaona akuuma thupi kapena kuzemba bambo ake akayandikira mutengereni kumsika muli awiri mumufunse bwinobwino osamukalipira, ndipo chomwe anene mumukhulupirire.

Apongoziwo musalimbane nawo, ingowayankhani kuti tamva amayi nkuwathirira tiyi. Chachikulu nkhaniyi isafike kwa ankhoswe, ikangofika kumeneko aliyense abwera ndi zake ndipo oyamba kuitanidwa kuti adzayankhe mafunso akhala mwana wanuyo.