Chitseko chikutsekeka n'kubwereranso: kodi mota yatha?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amayang'anira famase m'tauni. Akuti: "Chitseko chathu chagalasi chodzitsekukira chokha chayamba misala. Chimabwera bwinobwino, koma chikangotsala pang'ono kukumana chimabwereranso, mwina kangapo. Madzulo chimatsekuka popanda munthu. Magetsi akazima n'kuyakanso chimayenda ngati chikudwala. Wina wabwera kudzachiona, wati mota yatha, tigule ina. Kodi n'zoona?"

Mayi, zikomo polemba. Ndalamazo musatulutse kaye. Pa zitatu mwatchulazi palibe chimene chikuloza mota poyamba. Mota imene yathadi imang'ung'uza koma osakoka, kapena imanunkha kupserera, kapena imangoti zii. Yanuyo ikukoka galasi kupita ndi kubwera tsiku lonse, ndiye ili moyo.

M'kati mwa chibokosi cha aluminiyamu chili pamwamba pa khomocho mulibe zambiri. Muli njanji, timawilo tapulasitiki tolimba timene chitseko chimalendewerapo, lamba wamano, mota yaing'ono imene pa makina ambiri ndi ya 24V DC, bolodi loilamula, ndipo kawirikawiri batire. Kumbuyo kwa mota kuli kachipangizo kotchedwa encoder, kamene kamawerenga kuzungulira kwa mota kuti bolodi lidziwe pamene chitseko chafika. Kaya ndi zitseko za makampani a dormakaba, GEZE, Record, Tormax kapena zija zopanda dzina zochokera ku China, kapangidwe kake n'kofanana.

Tiyambe ndi kubwerera kuja, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Bolodi limayang'anira mphamvu imene mota ikugwiritsa ntchito. Chitseko chikalemera mwadzidzidzi potseka, bolodi limaganiza kuti chapana munthu, ndiye limachibweza. Linapangidwa dala kuti lizitero, pakuti mbali imodzi ya chitseko chotere imatha kupitirira makilogalamu 100. Vuto n'lakuti bolodi silisiyanitsa mwendo wa mwana ndi kamwala. Pansi, pambali pa khomo, pali kachitsulo kapena kapulasitiki kolondolera chitseko kuti chisamagwedezeke. Pamenepo m'pamene pamadzaza mchenga, timiyala tochoka m'nsapato, zotsekera mabotolo, ngakhale ulusi wa mopu. Pamwamba napo kawilo kamodzi kakaphwatalala mbali imodzi, kapena chitseko chikatsika pang'ono n'kuyamba kukhula matailosi, zotsatira zake n'zomwezo.

Kuyesa kwake sikulira ndalama. Zimitsani makinawo pa swichi yake (ngati ali ndi batire, chitseko chikhoza kudzitsekukira kaye, chisiyeni chimalize), kenako chikankheni ndi dzanja pang'onopang'ono kuchokera kumapeto mpaka kumapeto. Chiyenera kuyenda mofanana ulendo wonse, mota ikungolemeretsa pang'ono. Mukamva gugudu gugudu wobwerezabwereza, timawilo tatha. Chikamagwira pamalo amodzimodzi, gwadani muyang'ane pansi pa malo amenewo, mudzapeza mzera wokalika pa tailosi kapena zinyalala. Munthu amene wanena za mota asanachite zimenezi sanayeze, wangolota.

Pano ndipemphe chinthu chimodzi: musalole aliyense kupaka girisi m'njanjimo. Ambiri amatero pofuna kuthandiza, ndipo kwa masiku ochepa phokoso limathadi. Koma ndi fumbi lathu la mu Okutobala girisiyo amasanduka phala lokhakhala limene limadya timawilo. Njanji imafuna nsalu youma basi.

Ngati ndi dzanja chikuyenda myaa, kwezani maso ku sensa, kachipangizo kamene kamazindikira kuti pakhomo pafika munthu. Zitseko zoyamba zamtunduwu, zimene Dee Horton ndi Lew Hewitt anapanga ku Corpus Christi ku Texas mu 1954, zinkatsekuka munthu akaponda kapeti wapakhomo. Masiku ano ntchitoyo ili m'kabokosi kakuda ka pamwamba, ndipo m'kabokosi kamodziko nthawi zambiri muli maso awiri. Lina ndi radar ya 24 GHz, imene imaona chinthu choyenda chokha, ndiyo imatsekula. Lina ndi infrared, imene imawalitsa pansi pafupi ndi chitseko n'kuloweza maonekedwe a pansipo, ndipo pakasintha kanthu imati pali munthu, musatseke. Radar ikaweramitsidwa kwambiri, mwina wopukuta magalasi anaigunda, imayamba kuona chitseko chake chomwe chikuyenda n'kuchitsekulanso. Infrared nayo imanamizidwa ndi kapeti watsopano, madzi a mopu pa matailosi onyezimira, kapena dzuwa la kumadzulo likawomba pansipo.

Kuti mudziwe wolakwa, imani patali pamene sensa sikukuonani, muyang'ane kanyali kake chitseko chikamatseka. Kakayaka kaye kenako chitseko n'kubwerera, ndi sensa. Chitseko chikabwerera kanyali kali chete, ndi kulemera kuja. Mitundu ya nyali imasiyana malinga ndi kampani, kaya BEA kapena Optex, ndiye jambulani kavidiyo pafoni kuti mmisiri adzaone yekha.

Kutsekuka kwa madzulo kuja ndi nkhani ya radar yomweyo. Yang'anani ngati pali babu kapena chikwangwani chowala pafupi ndi sensa. Tizilombo timathamangira kuwalako, ndipo kagulugufe kodutsa pamphuno penipeni pa sensa kamaoneka ngati chinthu chachikulu. Mvula yoyamba ikagwa ngumbi n'kutuluka, chitseko chimatha kugwira ntchito usiku wonse popanda kasitomala. Ukonde wa kangaude wolendewera pasensa, nalimata amene wapeza malo ofunda, mapepala otsatsa malonda okupizidwa ndi mphepo, maluwa a m'mphika pakhomo, zonsezi ndazionapo zikutsekula zitseko. Pukutani sensa ndi nsalu yofewa yonyowa pang'ono, osati mankhwala, ndipo sunthani zogwedera zonse. Ngati khomo lili pafupi ndi msewu, mmisiri achepetse dera limene radar ikuona kuti isamatsekulire aliyense wongodutsa.

Za kuyenda pang'onopang'ono magetsi akabwera, amenewo si matenda. Bolodi limakhala laiwala pamene chitseko chili, ndiye limachiyendetsa mofatsa kufuna malekezero. Uzani alonda ndi ogulitsa kuti panthawiyo asachikankhe kapena kuima pakati, chifukwa chikasokonezedwa chimaloweza zolakwika. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kuzimazima kumeneko pakokha, makamaka posinthira ku jenereta. Makina a chitsekowa amalandira 230V koma bolodi lake n'losachedwa kupsa, ndipo ndilo lodula ndiponso lovuta kulipeza, nthawi zambiri mpaka kuitanitsa kunja. Surge protector (chipangizo choteteza makina magetsi akabwera mwamphamvu mwadzidzidzi) pa laini ya chitseko chokha njotchipa kwambiri poyerekeza ndi bolodi. Batire nalo limatha pakapita zaka zochepa, ndipo makina ena, makamaka a pakhomo lothawirapo ngozi, batire likafooka amangosiya chitseko chotsekula n'kuonetsa nambala ya vuto pa swichi yosankhira mmene chitseko chizigwirira ntchito. Nambala imeneyo ilembeni musanazimitse chilichonse. Onaninso kuti wina sanapotoze kiyi kupita pa Exit (kutuluka kokha) kapena Open (kukhala chotsekula), zimachitika kuposa mmene mungaganizire.

Kuchotsa chivundikiro, kukoka lamba, kukweza chitseko pa mabawuti ake ndi kusintha timawilo, zimenezo musiyireni mmisiri. Koma pali "mankhwala" amodzi amene muyenera kuwakana ngakhale akuuzeni kuti ndi a masiku awiri okha: kudumphitsa waya wa infrared kuti chitseko chisiye kubwerera. Chimasiyadi. Koma radar siiona munthu woima, ndipo pa famase amene amaima pakhomo ndi agogo a ndodo, munthu wa pa njinga ya olumala, ndi kamwana kodikira amake. Ngati sensa yafa ndipo ina palibe, ikani swichi pa Open, chitseko chikhale chotsekula mpaka ifike.

Ku Ulaya muyezo wa EN 16005 umafuna kuti zitseko zotere ziziyenderedwa ndi katswiri kamodzi pachaka kapena kuposa, ndipo zochitikazo zizilembedwa m'buku. Ndi fumbi ndi magetsi athu ine ndimati kawiri, mvula isanayambe ndi ikangotha. Akabweranso bambo a mota aja, apempheni achotse lamba, ayendetse mota payokha inu mukuona, kenako akankhe chitseko ndi dzanja. Akapeza kuti mota ikulephera ilibe katundu, pamenepo gulani, ndipo yakaleyo akusiyireni.