Ndinafotokoza nkhani yonse, nanga 7 wachokera kuti?

Mtsikana wina wa ku Ulongué, ku Angónia kuno ku Mozambique, amene ali chaka choyamba pa maphunziro a uphunzitsi wa Chingerezi mumzinda wa Tete, wandilembera modandaula. Anapatsidwa nkhani yaifupi ya Chinua Achebe yotchedwa "Civil Peace" kuti aisanthule. Anaiwerenga, anafufuza mawu onse ovuta mu dikishonale, n'kulemba masamba atatu osasiya kanthu kalikonse kochitika m'nkhaniyo. Pepala litabwera anapeza 7 pa 20, ndipo m'mphepete mphunzitsi analemba kuti nkhaniyo iye akuidziwa kale. Akufunsa chimene analakwitsa. Kumapeto kwa kalata wawonjezera pempho: bambo ake, amene amamulipirira lendi ndi chakudya ndi ndalama za kachewere, akuti sanamutumize ku Tete kukawerenga nthano, ndiye akufuna ndiwayankhe nawonso.

Ndiyambe ndi iwe, mwana wanga. Khama unalichita, ndipo munthu wolemba masamba atatu m'Chingerezi ali ndi poyambira. Komabe mphunzitsi wako sanakupondereze. Iwe unayankha funso lakuti chinachitika n'chiyani, pamene iye anafunsa lina: mlembiyu waiumba bwanji nkhaniyi, nanga akufuna owerenga aone chiyani? Nkhani yaifupi ilibe malo otayira mawu. Chimene mlembi wachibwereza, chimene wachedwapo, ngakhale chimene wachidumpha mothamanga, zonsezo wachita dala. Ntchito yako ndi kunena chifukwa chake n'kuloza pamene wachiona.

Kwa amene sanaiwerenge, nkhaniyi ili m'buku la Girls at War and Other Stories la 1972, ndipo ikuchitika ku Nigeria nkhondo yapachiweniweni ya 1967 mpaka 1970 itangotha. Jonathan Iwegbu, amene kale ankakumba malasha ku Enugu, wapulumuka ndi mkazi wake Maria ndi ana atatu. Akufukula njinga imene anaikwirira, akuyamba kabaza, akupeza kanyumba kake kali chilili, akutsegula pogulitsira uchema. Boma likumupatsa mapaundi 20 atapereka ndalama za Biafra, dera limene linkafuna kudzipatula ku Nigeria, zimene zinali zitasiya kugwira ntchito. Usiku womwewo mbava za mfuti zikubwera n'kutenga ndalamazo. Kutacha iye akupitiriza ntchito yake. Ndime imodzi yakwana. Masamba ako atatu aja anayenera kuyambira pamene ndimeyi yathera.

Bwerera poyambirira pa nkhaniyo uli ndi pensulo m'manja. Jonathan akuwerenga madalitso ake, mitu isanu ya anthu: wake, wa mkazi wake, ndi ya ana atatu mwa anayi. Ima pamenepo. Atatu mwa anayi. Mwana mmodzi wafa, ndipo imfa yake yalowa m'nkhani kudzera m'masamu ochotsera. Dzina lake sitikuuzidwa, maliro ake sitikuwaona. Nkhani ikuthamangira ku njinga n'kukhazikikapo: momwe msilikali wina anafunira kuilanda, momwe Jonathan anamutsekera pakamwa ndi mapaundi awiri, momwe anaikwirira usiku. Anaikwirira kuti? Pakamalo ka m'tchire pamene ankaika akufa a pamsasa, pamene panagonanso mwana wake wamng'ono. Patapita chaka njinga inatuluka m'nthaka ikungofuna timafuta. Mwana sanatuluke. Chiganizo chomalizachi Achebe sanachilembe, wakusiyira iwe kuti uchione wekha. Ine ndimati wophunzira akaona zimenezi popanda womuuza, ndiye kuti wayamba kuwerenga.

Nanga zimenezi uzilemba bwanji? Pabwalo la a nyakwawa, munthu wongobwereza zimene mudzi wonse unaona sathandiza mlandu. Amamvedwa ndi uja wonena kuti mbuzi inalowera apa, n'kuwatengera anthu kukaona mapazi ake. Ndime iliyonse ya ntchito yako iyambe ndi ganizo lako, loti wina angathe kulitsutsa. Mwachitsanzo: Jonathan akupirira pokana kuyang'ana zimene wataya. Kenaka umboni wochokera m'nkhani momwemo, mawu ochepa okha a mlembi, atatu kapena asanu, osati ndime yathunthu yokopera. Ukatero fotokoza mmene umboniwo ukugwirizanira ndi ganizo lako: kuti mwana wapatsidwa theka la chiganizo pamene njinga yapatsidwa mizere yambiri, kuti zonse ziwiri zili m'dothi limodzi, ndiponso kuti wofotokoza nkhani akutionetsa dziko ndi maso a Jonathan, ndiye pamene Jonathan watembenuza nkhope ifenso tatembenuzidwa. Gawo lofotokozali ndi limene ophunzira ambiri amalidumpha, chonsecho malikisi ambiri amakhala pamenepo.

M'nkhaniyi muli mawu amene Jonathan amawanena kawirikawiri, akuti palibe chimene chimamuzunguza mutu Mulungu. Dula mzere kunsi kwake paliponse pamene awonekera, kenaka yang'ana chimene changochitika kumene. Poyamba akuwanena atapeza mwayi, njinga yabwino, nyumba yosagwa. Pomaliza akuwanena ataberedwa. Mawu ndi omwewo koma katundu amene asenza wasintha. Funso lako likhale lakuti, kodi ndi chikhulupiriro cholimba, kapena ndi njira ya munthu amene alibe wina aliyense womudalira?

Mbava zija nazonso uziwerenge mofatsa. Zimalankhula Chingerezi cha m'misewu ya ku Nigeria chotchedwa Pidgin, chimene sungachipeze mu dikishonale yako. Chiwerenge mokweza, khutu lidzamva zimene diso likukana. Banja likukuwa kuitana apolisi ndi anansi, palibe akuyankha. Ndiye mbavazo zikuti tikuthandizeni kuitana, zikukuwa nazo, n'kufunsanso ngati ziitane asilikali. Zimaseketsa, koma taona chimene chili pansi pa nthabwalayo: mbava zikudziwa bwino lomwe kuti boma kulibe usiku umenewo. Ndipo mutu wa nkhani yonse ukutuluka m'kamwa mwa mtsogoleri wa mbava, iye ndiye akulengeza kuti nkhondo yatha, tsopano ndi mtendere, mfuti ikulira. Pamenepo pokha pali ndime ziwiri zabwino zoti ulembe.

Mathero ake angamveke pawiri. M'mawa anansi akubwera kudzapepesa, Jonathan akumangirira chigubu cha uchema panjinga, Maria akukazinga zogulitsa, ndipo mwamunayo akuti ndalamazo sakuziwerengera kanthu. Wina anganene kuti ndi ngwazi. Wina anganene kuti ndi munthu amene nkhondo yamuphunzitsa kumeza ululu mpaka sakuumvanso. Onse awiri angapeze 16 ngati aloza mapazi. Mphunzitsi wabwino safuna kuti uganize ngati iye.

Iwe uli ndi mwayi umene wophunzira wa ku London alibe. Mabanja ambiri a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga anathawira ku Dedza, Ntcheu ndi madera ena a Malawi m'zaka za nkhondo, nabwerera mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Akuluakulu akwanu akudziwa tanthauzo la kupeza khoma likadali chilili, kapena kufukula chinthu chimene unachibisa pothawa. Zimenezo zikutsegule maso powerenga. Koma samala: Enugu si Ulongué, ndipo pepala la mayeso likufuna umboni wa m'nkhani ya Achebe. Za kwanu uzitchule m'chiganizo chimodzi ngati funso likulola, osapitirira.

Za mawu a ukatswiri usade nkhawa. Narrador, personagem, enredo, espaço ndi tempo (wofotokoza nkhani, munthu wa m'nkhani, kayendedwe ka nkhani, malo ndi nthawi) unaziphunzira kale m'Chipwitikizi ku sekondale, zida zake ndi zomwezo. Cholakwika n'kuzindandalika ngati fomu yodzaza, malo ndi akuti, nthawi ndi yakuti, basi. Tchula malo pokhapokha ngati ukunena chimene malowo akuchita m'nkhani.

Powerenga, ulendo woyamba dikishonale ikhale yotseka, ungofuna kudziwa kumene nkhani ikupita. Wachiwiri ndiwo wa pensulo, ndipo ufufuze mawu okhawo amene akubwerezedwa kapena amene akukutsekera njira. Ukatha mufotokozere mnzako nkhaniyo m'Chichewa mwachidule, kuti chilakolako chofotokoza chithere pamenepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nkhani ya masamba ochepa imalola kuiwerenga katatu madzulo amodzi. Polemba m'Chingerezi, zochitika za m'nkhani zimanenedwa ngati zikuchitika tsopano, osati kale. Zidule za pa intaneti ndi mayankho opangidwa ndi makina uzipewe mpaka utalemba maganizo ako. Zimanena zofanana kwa aliyense, mphunzitsi waziona kambirimbiri, ndipo tsiku la mayeso sizilowa nawe m'chipinda.

Poyeserera, yamba ndi wa kwathu konkuno. Buku la Luís Bernardo Honwana, Nós Matámos o Cão-Tinhoso, linatuluka mu 1964, ndipo mu 1969 linatuluka m'Chingerezi ndi mutu wakuti We Killed Mangy-Dog and Other Stories. Muli kankhani kakafupi kwambiri, "As Mãos dos Pretos", ka mnyamata wofunsa akuluakulu chifukwa chimene zikhatho za anthu akuda zili zoyererako. Kawerenge m'zilankhulo zonse ziwiri, kenaka dzifunse chifukwa chimene yankho la mayi ake laikidwa pomalizira. Nkhani za Mia Couto za mu Vozes Anoitecidas la 1986 zilinso m'Chingerezi. Nkhani zatsopano za alembi a mu Africa zimene zafika pa ndime yomaliza ya mpikisano wa Caine Prize, umene unayamba mu 2000, zimapezeka pa intaneti.

Bambo, tsopano ndibwere kwa inu. Nkhawa yanu ndi ya munthu wodziwa mtengo wa thumba la feteleza, ndipo sindikuipeputsa. Ndikuuzeni mosabisa: digiri ya Chingerezi payokha siitsegula chipata cha mgodi ku Moatize. Ntchito za ukatswiri kumeneko zimafuna maphunziro ake, onga amene amaperekedwa ku Instituto Superior Politécnico de Tete. Ntchito ya uphunzitsi m'boma nayonso imadikira kuti malo atsegulidwe, ndipo ofunsira amakhala ambiri. Mwana wanu adziwiretu zimenezo.

Koma taonani pamene tili. Chigawo chathu cha Tete chazunguliridwa ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, maiko amene maofesi ake amalemba m'Chingerezi. Magalimoto a katundu ochokera ku Beira amawoloka Zambezi ku Tete kulunjika kumalire ku Zóbuè, Calómuè ndi Cassacatiza. Njanji ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nacala imadutsa m'Malawi. Dziko lathu linalowa mu Commonwealth mu 1995. Anthu odziwa kupereka moni ndi kutchula mitengo m'Chingerezi alipo ambiri pamalire ponsepo. Osowa ndi amene angawerenge kalata ya mgwirizano n'kuzindikira chimene chasiyidwa dala, amene angamasulire pamsonkhano osataya chimene wolankhula amatanthauza, amene angalembe lipoti lonena mfundo n'kuikapo umboni. Luso limeneli ndi lomwe lija mphunzitsi akulifuna pa nkhani ya njinga yokwiriridwa. Amaliphunzitsira pa nkhani zaifupi chifukwa m'masamba ochepa muli chilankhulo cha anthu osiyanasiyana, wosauka, wakuba, msilikali, ndipo wophunzira angabwerezemo mpaka atazama. Ndiponso mwana wanuyu akukonzekera kukaima kutsogolo kwa ana a anthu. Mphunzitsi wa Chingerezi amene sawerenga amangolembetsa malamulo a galamala pabolodi, ana n'kumaliza kalasi 12 osatha kulemba kalata yofunsira ntchito.

Pali zimene inu mungachite ngakhale Chingerezi simuchidziwa. Akabwera pa holide muuzeni akufotokozereni nkhani imodzi m'Chichewa, ndipo akanena kuti munthu wakutiwakuti ndi wolimba mtima, mufunseni kuti waona pati. Mafunso amenewo mumawadziwa, mumawafunsa pa milandu ya pamudzi. Mulimbikitseninso kuti asataye Chipwitikizi, chifukwa womasulira amalipidwa pa zilankhulo ziwiri, ndipo iye ali ndi chachitatu chimene mabungwe ogwira ntchito m'midzi amachisowa. Kachewere akayenda bwino chaka chino, chimene mungamugulire ndi dikishonale yofotokoza Chingerezi m'Chingerezi momwemo, monga Oxford Advanced Learner's Dictionary. Yakale yogwiritsidwapo ntchito imakwanira, bola masamba akhale onse. Patsale timetikali ta fotokope, kuti nkhani iliyonse akhale nayo papepala pamene angadulepo mizere ndi kulemba m'mphepete.